Mizeremizere ya a Golden Wometa

Pa Lupembe pano munthu sankasiya chinthu chosalembedwa pafupi ndi a Golden Mwangosi. Ukatsamiritsa njinga pakhoma la babashopu yawo n'kulowa m'golosale kukagula sopo, pobwerera unkapeza madigadi ali mamba a nsomba okhaokha, kuyambira kumchira mpaka pansi pa chishalo. Amayi ogulitsa mazira owiritsa pa siteji ankachita kuvundikira beseni ndi chitenje akawaona akubwera, chifukwa dzira likangofika m'manja mwawo linkabwerera litavala timadontho ngati nkhanga. Ankajambula pa maungu, pa matumba a simenti, ngakhale pa nyanga za ng'ombe za eni zikamadikira lole. Alipo amene amalumbira kuti tsiku lina, ali m'minibasi yochokera ku boma, anayamba kujambula pa pulasitala ya munthu wothyoka mwendo, ndipo anapitirira pa siteji yawo mpaka kukatsikira ku Chilumba chifukwa chidendene chinali chisanathe.

Musaganize kuti ankajambula nkhope za anthu, nyumba kapena magalimoto. Yawo inali mizere basi. Mzere wokhotakhota, wina n'kuutsata pambali pake, wina n'kuutsatanso, mpaka malowo adzaze. Pena timadontho, pena timabokosi tolowana ngati maso a ukonde, pena tozungulira ngati nkhono. Ukawafunsa kuti chimenechi n'chiyani, ankayankha m'Chichewa chawo chonunkhira Chinkhonde kuti si chinthu chilichonse, ndi mzere chabe. Ndipo ukawalankhulitsa ali pakati pojambula, kaya nyumba yako ikupsa, yankho linali limodzi, loti usawafulumizitse: "Pole pole, mzere ufike kaye."

Amene anatopa nazo kuposa tonsefe ndi mkazi wawo Yunike, amene aliyense kuno amangomuti Nyamsiska. Kunyumba kwake kunalibe chopulumuka. Lichero linali mizeremizere, mtondo chimodzimodzi, chitseko cha kuchimbudzi ndiye musanene. Bulauzi yake yoyera ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ankaisunga kwa aneba, ndipo akafuna kupita ku mapemphero a amayi ankakavalira komweko. Akamadandaula kwa anzake pa mjigo ankati akazi ena amalimbana ndi mowa, ena amalimbana ndi zibwenzi, koma iye anakwatiwa ndi bolopeni.

Komatu Nyamsiska yemweyo ankawakumbukira a Golden akale, ndipo akalewo sankawasowa. Paunyamata wawo anali munthu wa mtima wapachala. Anathamangitsapo kasitomala atamumeta mbali imodzi yokha chifukwa wanyoza timu yawo ya mpira, munthuyo n'kuyenda msika wonse mutu uli ngati munda wolima theka. Kalilole wa mu babashopu ankasinthidwa pafupipafupi, poti makina ometera ankauluka. Akalowa pakhomo atakwiya, nkhuku zinkayamba zokha kuthawira kumunda.

Zinthu zinasintha ndi chivomezi chija cha mu 2009. Nyumba yawo sinagwe, koma inang'aluka kuchokera pazenera mpaka pansi, ndipo kwa masabata angapo nthaka inkangonjenjemerabe, anthu akugona panja. Nthaka itakhala bata, manja a a Golden sanakhale bata. Lole ikadutsa pamsewu ankataya makina n'kuthawira panja, kasitomala ali pampando. Atacheka khutu la mphunzitsi wina, anthu anayamba kukametetsa kwina. Munthu waukali uja anasanduka wongokhala pakhonde, manja atawapana pakati pa mawondo kuti anthu asaone kunjenjemerako.

M'mawa wina Nyamsiska akuchokera kotunga madzi anawapeza ataima pamng'alu uja ndi khala m'manja. Anali atatsata mng'aluwo ndi mzere wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako mzere wina pambali pake, kenako wina, moti mng'alu woopsa uja unkaoneka ngati mtsinje wokhala ndi mafunde mbali zonse.

"Awiske Tusekile," anatero Nyamsiska, poti ankawaitanira dzina la mwana wawo, "mng'aluwo ukufuna simenti, osati makala."

"Ndaona," anayankha osatembenuka. "Koma taonani dzanjali."

Dzanjalo silinkanjenjemera. Nyamsiska anatula ndowa. Anaganiza kuti ndi za sabata imodzi, zitha zokha. Sizinathe. Khoma litadzaza anapita pa khoma lina, ndipo posakhalitsa anabwerera kukameta, dzanja lili nji, mtima uli zii ngati madzi a mumtsuko. Chovuta chinali chimodzi chokha, kuti dzanjalo linali litaphunzira kusasiya malo opanda kanthu.

Amene anazionera pamutu pake ndi Elliot, wapolisi wa ku Ntcheu amene anali atangotumizidwa kumene kuno. Anabwera kudzametetsa masana ena mu Okutobala, ndipo kutentha kwa kuno kwa mwezi umenewo kumagonetsa ngakhale mbuzi ili chiimire. Analamula kuti ammete bwinobwino ngati munthu wa boma, kenako tulo tinamuba. A Golden anameta kutsogolo monga mwa lamulo. Atazungulira kunkhongo anapeza malo otakasuka, osalala, ndipo lumo linayamba kuyenda lokha.

Elliot atadzuka anadziyang'ana pa kalilole, kutsogolo kuli bwino, n'kutuluka chipewa chili m'manja kuti mutu upitidwe mphepo. Anayenda msika wonse. Kulikonse kumene wadutsa anthu ankamutsatira ndi maso, a kabaza n'kumaimitsa njinga, amayi n'kumatseka pakamwa ndi nsalu. Iye anafika kuntchito akuuza anzake kuti anthu a ku Karonga amalemekeza yunifolomu kuposa akwawo. Abwana ake ndi amene anamufunsa ngati wasiya upolisi n'kuyamba ntchito yokhala chinanazi.

Anabwerera ku babashopu akuchita thovu kukamwa, akuti awamanga. A Golden anamuuza modekha kuti mutu wake ndi wabwino, ulibe mabampu ngati msewu wathuwu, ndipo kuusiya osalembapo likanakhala tchimo. Anavomera kumumeta mpala kuti zonse zifufutike, koma pabenchi panali anthu ena odikira.

"Nanunso khalani pamzere, bwana. Ufike kaye."

Anamupatsa chibenthu cha katoni ndi bolopeni kuti azidikira nazo. Elliot anayamba ndi kukhwatcha mwaukali mpaka kuboola katoniyo. Koma pomwe nthawi yake inkakwana, anali atawerama, lilime lili panja, akufunsa kuti mzere ukafika pakona amaukhotetsa bwanji. Mlandu unathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo Elliot akaweruka ankabwera kudzakhala pabenchipo, ndipo anthu okangana pa siteji akamuvuta ankangowakokera kwa a Golden kuti akawagwiritse makala. Ambiri ankaiwala chimene amakanganirana. Ena ankayamba mkangano watsopano, woti wajambula bwino ndani.

Si onse ankaseka. A Manase, mkulu wa mpingo, anayamba kunong'oneza anthu kuti mizere ija ndi zizindikiro zausatana, ndipo kuti amene wametedwa ndi a Golden walembedwa chizindikiro. Kuno mawu otero si ocheza nawo, amatha kuwotchetsa nyumba. Nyamsiska anaonda ndi mantha sabata imeneyo, ndipo anawachonderera amuna ake kuti akakaitanidwa ku bwalo la akulu a mpingo akangopepesa basi. Iwo anapita, namvetsera milandu yonse mwaulemu, kenako anapempha kufunsa funso limodzi.

"Abusa, satana wanji amene angasiye munthu wake akumeta ndi makina a batire, denga likudontha? Bwenzi pano ndili ndi maminibasi."

Abusa anayesa kutsokomola kuti abise kuseka koma zinakanika. Chigamulo chinali chakuti a Golden asiye kujambula m'mabuku a nyimbo a mpingo. Za mabenchi chigamulocho sichinanene kanthu, ndipo benchi yachitatu kuchokera kumbuyo ilipo mpaka lero, mukhoza kukaiona. A Manase okha sanagonje. Ankakwera minibasi kukametetsa ku boma, ndipo akamadutsa pa babashopu ankagwira chipewa ndi manja awiri.

Pa nthawi yonseyi, amene ankawaikira kumbuyo a Golden kunyumba anali Tusekile, mwana wawo mmodzi yekhayo. Anali mtsikana wa phwete, woti akayamba kuseka ankachita kukhala pansi. Mayi ake akamakalipa kuti mbale zonse zalembedwa kunsi, iye ankati ndi bwino, zikabwerekedwa pamaliro sizisowa. Atakula anakwatiwa ndi Lyson, msodzi wa ku Mwenilondo, mnyamata wolimbikira ntchito koma wokonda kukhalitsa pamowa usipa ukagwidwa wambiri.

Tusekile anatenga pakati, ndipo nyumba ya a Golden inadzaza chimwemwe. Koma tsiku limene matenda anamuyamba, Lyson kunyumba kunalibe. Anamutumizira uthenga kumene ankamwa, iye n'kuyankha kuti akubwera, osabwera. Pamene achibale ankapeza galimoto n'kufika naye kuchipatala, nthawi inali itatha. Tusekile anapita pamodzi ndi mwana wake.

Maliro anachitikira ku Mwenilondo. Nyamsiska analira mpaka mawu anauma. Atatuluka m'nyumba ya siwa mothandizidwa ndi amayi awiri kuti akapume mpweya, anaona amuna ake atakhala paokha pansi pa mtengo wa mango, kutali pang'ono ndi abambo ena. M'maso mwawo munalibe msozi. Anali ndi kamtengo m'manja, akulemba mizere pamchenga, ndipo mizereyo inali itawazungulira mbali zonse ngati mphasa. Anthu ankawayang'ana cham'mbali n'kumanong'onezana. Kwaya ikuimba, iwo ankalemba. Bokosi likutuluka, anachita kuwagwira paphewa kuti adzuke.

Mwambo wa kumanda utatha, m'mawa mwake panali kumeta kwa anamfedwa, ndipo poti wometa analipo pakhomopo, lumo anapatsa iwo. Nyamsiska anaona ndi maso ake Lyson atagwada, a Golden atamugwira mutu ndi dzanja lamanzere, akumumeta pang'onopang'ono, mosamala, mpaka kumupukuta tsitsi m'khosi ngati kasitomala wolemekezeka. Chinthu china chinaduka mumtima mwake pomwepo.

Atabwerera ku Lupembe, Nyamsiska anagula laimu. Anapaka khoma la mng'alu lija, anapaka makoma onse kunja ndi m'kati, mpaka nyumba inayera mbee ngati chipatala. Lichero ndi mtondo anapatsa anthu. A Golden sanaletse. Anaima pambali n'kumamugwirira ndowa ya laimuyo, akusuntha nayo iye akasuntha. Kufatsa kumeneko kunamuwawa Nyamsiska kuposa ndewu. Atamaliza anawauza mawu amene anali atawasunga kuchokera ku Mwenilondo.

"Mwana wanu akulowa m'dothi, inu mukusewera ndi dothi."

A Golden anangotenga ndowa n'kukaitsuka.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munalowa chete. Nyamsiska ankaphika, ankachapa, ankawapatsa moni wa m'mawa monga mkazi wolemekeza mwamuna wake, koma macheza anatha. A Golden anasiya kujambula pakhomo. Bolopeni ankaisiya ku babashopu, ndipo kumeneko ankajambulabe, ankasekabe ndi anthu, ngakhale amene ankawadziwa bwino ankaona kuti mizere yawo yayamba kuchepa, kuthinana, moti katoni imodzi ankatha nayo sabata. Ife tinkangoti akalamba. Zinakhala choncho zaka zingapo, anthu awiri m'nyumba yoyera, aliyense ndi maliro ake.

Kenako tsiku lina masana, ali pakati pometa munthu, makina anagwa pansi ndipo iwo anatsatira. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako amoyo, koma mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira. Nyamsiska anasiya benchi yake ya m'mbali mwa msewu pamene ankagulitsa mpunga, n'kukhala pakhomo kuwasamalira.

Apa ndi pamene a Golden akale aja anadzuka. Munthu amene kwa zaka zambiri sanakwezepo mawu anayamba kuponya makapu. Phala likatentha ankaligubuduza, likazizira ankaligubuduzanso. Elliot, amene panthawiyi anali atasamutsidwira ku boma, anabwera kudzawaona atatenga mabolopeni atsopano, koma iwo atayesa ndi dzanja lamanzere mzere unangothawira kumbali ngati nyongolotsi yopondedwa, ndipo anaponya bolopeniyo mpaka inakagwera m'khola la nkhuku. Elliot anabwerera akupukuta m'maso. Akatopa ndi ukali, a Golden ankakhala pakhonde n'kumayang'ana khoma loyera lija, dzanja lamanzere likunjenjemera pabondo.

Nyamsiska anapirira mpaka m'mawa wina pamene anamuponyera mbale ya phala n'kumuthira pachitenje. Anapita kukhitchini kuti akalire payekha. Ali kumeneko maso ake anagwera pa mbaula. Anatola khala, nabwerera pakhonde, n'kuliika m'dzanja lawo mwaukali ndithu, osati mwachikondi.

"Lembani. Khoma ndi ili. Lembani, mundipatse mtendere."

Anawakokera mpando pafupi ndi khoma. Iwo anakweza dzanja, khala n'kugwa. Analitola, n'kugwanso. Nyamsiska anayembekeza kuti mpando uuluka. Koma a Golden anangomuyang'ana, ndipo mawu anatuluka limodzilimodzi.

"Nyamsiska, ndibwerekeni dzanja."

Iye anati sadziwa kujambula, ndipo alibe nthawi ya zibwana, nyemba zili pamoto. Koma anagwada, natenga khalalo. A Golden anamuuza kuti ayambire pansi, akoke mzere umodzi kukwera m'mwamba, ukhote mmene ukufunira. Anaukoka mothamanga ngati akudula nsalu. Anamuuza kuti ayi, pang'onopang'ono, apume mpweya pokwera, autulutse potsika. Wachiwiri utsate woyambawo, osaukhudza. Atalakwitsa n'kufuna kufufuta ndi chitenje, anamuletsa. Anati mzere sulakwa, wotsatirawo ungokhota nawo.

Nyamsiska anakoka wachitatu, wachinayi, akung'ung'udza. Kenako anasiya kung'ung'udza. Ankangomva kukhwekhwereza kwa khala pa laimu ndi kupuma kwa amuna ake kumbuyo kwake, kumene kunkatsika pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi kwake. Ndipo ali pakati pa mzere wina, Tusekile anabwera m'maganizo mwake. Kwa zaka zonsezi mwanayo akabwera ankabwera ali m'bokosi, ndipo chifuwa chinkachita ngati chang'ambidwa. Ulendo uno anabwera ali wamng'ono, atakhala pakati pa miyendo ya mayi ake akumuluka tsitsi, akuseka chifukwa chipeso chikumugirigisha. Misozi inatsika, koma dzanja linapitirira kuyenda, ndipo chifuwa sichinang'ambike. Nyemba zinapserera.

Atafika pamwamba anakhala pansi, manja ali bii. Osawayang'ana, anafunsa funso limene linamukhala pakhosi zaka zonse zija, kuti pamaliro paja ankachita chiyani ndi kamtengo.

A Golden anatenga nthawi yaitali kuti asonkhanitse mawu. Anati tsiku limenelo anafika ku Mwenilondo ali ndi lumo m'thumba la jekete, ndipo sanalitengere kumeta. Anati Lyson anali atakhala poonekera, ndipo nthawi iliyonse akadzutsa mutu ankaona khosi lake. Choncho sanadzutse mutu. Anadziuza kuti amalize mzere umodzi kaye, ukatha ayambe wina, ndipo anachita choncho mpaka bokosi linatuluka.

"Manja awa akanasiya kamtengo, mukanaika maliro atatu," anatero. "Ndipo mawa lake anandipatsa mutu wake womwewo kuti ndiumete."

Nyamsiska anafunsa chifukwa chake sananene nthawi yonseyi. Anayankha kuti ankachita manyazi. Mkazi wawo ankawayesa munthu wopanda chisoni, ndipo anaona kuti ndi bwino awayese wotero kusiyana ndi kudziwa kuti anagona ndi wakupha m'nyumba. Nyamsiska anatenga dzanja lawo lakufa lija, naliika pamwendo pake, n'kumalisisita mpaka nalonso linada ndi makala.

Miyezi yotsatira inali yabwino kuposa zaka zambiri za m'mbuyo, ngakhale kuti inali yochepa. M'mawa uliwonse akawasambitsa, Nyamsiska ankawakhazika pakhonde, iye n'kugwada pakhoma. Ankakangana ngati ana. A Golden ankati mkazi wawo ali ndi dzanja lolemera ngati akusinja chinangwa, iye n'kumati ngati sakukhutira akabwereke dzanja la a Manase. Kuseka kwa a Golden kunali kutapotoka pamodzi ndi pakamwa, koma kunkamveka mpaka kumsewu. Makapu anasiya kuuluka. Anthu odutsa ankaima pampanda kuonerera, ndipo Lyson, amene anali atasiya mowa ndipo ankabwera ndi nsomba nthawi ndi nthawi n'kuzisiya pakhomo osalowa, tsiku lina Nyamsiska anamuuza kuti alowe akhale pansi. Sanamukhululukire tsiku limenelo, koma anamupatsa madzi akumwa.

Khoma la kutsogolo linadzaza, la kumbali linafika pakati. Mvula yoyamba itagwa, sitiroko inabweranso, ndipo ulendo uno sinawasiye. Anamwalira masana, ali pampando wawo pakhonde, Nyamsiska atangopita kuseri kukaanula zovala.

Pamaliro awo panabwera anthu amene sitinkadziwa n'komwe kuti ankawadziwa: madalaivala a malole, amayi a mazira, aphunzitsi amene anasamuka kalekale. Elliot anabwera ndi yunifolomu, navula chipewa, nalira ngati mwana. Bokosi linali la matabwa oyera, osapaka kanthu, ndipo aliyense amene analiyang'ana ankaona kuti pali chosowa, koma palibe analimba mtima kunena. Munthu wina kumbuyo ananong'ona kuti mwini wake akanadzuka akanayamba ndi chivundikirocho, ndipo anthu anaseka m'kati mwa misozi mpaka abusa anachita kudikira. A Manase ndi amene anapemphera kumanda. Anapemphera nthawi yaitali, ndipo pomaliza anati Mulungu alandire mtumiki wake, ndipo ngati kumwambako kuli makoma oyera, amukhululukiretu.

Tsopano pa Lupembe zinthu zimakhala mmene wazisiyira. Njinga ukaitsamiritsa pakhoma umaipeza ili chomwecho. Mazira amakhala poyera, oyera okhaokha, ndipo amayi ogulitsa amati sayenda malonda ngati kale. Babashopu ija anaitenga anyamata ogulitsa zipangizo za mafoni, n'kuipaka penti ya mtundu umodzi kuyambira pansi mpaka kudenga. Anthu akakangana pa siteji masiku ano amakanganadi mpaka kumapeto, ena kukathera ku polisi, ena kuchipatala. Masana kukatentha pamakhala phokoso la mawailesi ndi mahutala, koma pali kachetechete kena kamene kanachoka, ka anthu akuluakulu atawerama pabenchi, aliyense ndi chibenthu chake cha katoni, osalankhula.

Nyamsiska anabwerera pa benchi yake ya mpunga m'mbali mwa msewu. Anakalamba msanga chaka chimenechi, ndipo salankhula zambiri. Khoma la kumbali lija sanalimalize, ndipo mvula ikuchotsa pang'onopang'ono zimene analemba kunja. Akuti kugwada pakhomapo popanda womukalipira kumbuyo sikutheka. Koma makasitomala akachepa, mukamuyang'ana bwino, mudzaona chala chake chikuyenda pamwamba pa mpunga m'beseni, pang'onopang'ono, kuzungulira, kubwerera, kutsata pamene chadutsa kale. Maso amakhala ali pamsewu koma sakuona magalimoto.

Tsiku lina mayi wina wochokera ku Lilongwe anatsika m'galimoto kudzagula mpunga, ndipo ataona m'besenimo anati ndi zokongola, n'zachisoni kuti ziwonongeka akamapima. Nyamsiska anamiza mbale pakati penipeni, nathira m'jumbo, mizere yonse n'kugumukira m'dzenjemo.

"Musadandaule, mama," anatero akumanga jumboyo. "Ndikhala pano mpaka madzulo. Ndilibe wondidikira kunyumba."